Phala la pa sukulu ndalipatsa 4 pa 5, koma za dimba ndi za pa geti tikambirane

Amayi anzanga a ku mpingo ndi ena a m'gulu lathu la chilimba akhala akundifunsa kuti pulogalamu ya chakudya pa sukulu pomwe pali ana anga ikuyenda bwanji, chifukwa kwawo ahedi ayamba kuitana makolo kuti nawonso ayambe, ndiye anthu akuti tisanapereke nkhuni ndi nthawi yathu timve kaye kwa amene alawako. Ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense awerenge yekha. Sukulu sinditchula, ndi ya boma, ili kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata, ndipo amene amabweretsa ufa nawonso sindiwatchula popeza zambiri zomwe ndidandaule pano si mlandu wawo, ndi wathu ife eni ake. Ine ndili ndi wa giredi 2 ndi wa giredi 5, komanso ndili pa rota ya ophika, ndiye sizongomva ayi, utsi wake ndimaudziwa.

Phala lokhalo ndi labwino, pamenepo palibe zokangana. Ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, anathiramo kale mavitamini ndi kashuga pang'ono, umabwera m'matumba osindikiza bwino bwino. Anzathu a ku Malawi amati likuni phala, ndipo amene mumadutsa pa Mwami kupita ku Mchinji mukulidziwa. Kuno ku Eastern nkhani yodyetsa ana pa sukulu si yachilendo, a bungwe lodyetsa ana la Mary's Meals anayambira ku Malawi mu 2002 n'kufika kuno ku Zambia mu 2014 ndipo anayambira m'chigawo chathu chino, boma nalonso lili ndi yake ya Home Grown School Meals yomwe cholinga chake n'kugula chakudya kwa alimi a pafupi ndi sukulu. Ndiye njira ndi zingapo, sukulu ina phala, ina nsima ndi nyemba, zimatengera amene akuthandiza kwanuko. Kwathu ndi phala, kapu imodzi mwana aliyense, tsiku lililonse la sukulu.

Kaphikidwe kake musakaone mopepuka. Timafika kudakali mdima, madzi tatunga kale dzulo lake, poto ndi lija lalikulu loti mwana wa giredi 1 atha kukhalamo osaoneka, limakhala pa chitofu cha njerwa chosadya nkhuni zambiri. Ufa sumangouthira m'madzi owira ayi, umayamba waupaka ndi madzi ozizira m'ndowa mpaka usalale, ukatero ndiye uthire pang'onopang'ono wina akutakasa ndi mthiko wautali uja wogwira ndi manja awiri, mukalakwitsa pamenepo phala lonse ndi mibulu yokhayokha ndipo ana sabisa mawu, amakuuzani pamaso kuti amayi lero mwaphika miyala. Likayamba kuwira limathovoka, limalumpha, dontho limodzi likakugwera pa mkono chipsera chake umapita nacho kunyumba. Ndipo soya amafuna kupsa ndithu, mukafulumira kuphula chifukwa belu lalira, ana ena masana ake m'mimba mumawapota. Tinagwirizana kuti bola ana adikire pang'ono kusiyana n'kuwapatsa losapsa, aticha ena amanyinyirika kuti tikudya nthawi ya masamu koma basi, anazolowera.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi pa mzere. Aliyense amabwera ndi kapu yake, ena anamangirira chingwe n'kukoloweka m'khosi kuti isasowe, ena kapu alibe amabwera ndi kambale kapena chibotolo chodula pakati. Mwana amene wadya kunyumba ndi amene sanadye umawasiyanitsa pomwepo osafunsa, wodya uja amacheza, amauzira phala, mwina kusiyako, koma winayo salankhula ndi munthu, amakhala pansi n'kumwa lonse kenako chala chimazungulira m'kapu mpaka iyere. Pali kamtsikana kena ka giredi 3 kamamwa theka, theka linalo kamavundikira ndi pepala la m'kope n'kubisa pansi pa desiki, kukapatsa mng'ono wake amene sanayambe sukulu. Lamulo limati phala lidyedwe pa sukulu pompo, koma ndani angakalande? Ife timangokawonjezera kachipande kena mwakachetechete.

Mu 2022 boma litachotsa mafizi ana anachuluka zedi, makalasi mpaka kusefukira, ndiye kwathu anawagawa ena kuseni ena masana. Apa ndiye pali vuto loyamba lomwe landichititsa kuchotsapo 1 pa 5 paja. Phala timaphika kamodzi, a kuseni amalandira lotentha, a masana amapeza lazizira layamba kulimba pamwamba, ndipo tsiku lomwe wogawa dzanja lake linali lolemera m'mawa, a masana omalizira amakanda pansi pa poto. Tinapempha kuti tiziphika kawiri, yankho lake nkhuni, nanga nkhunizo akutola ndani, ndi ife tomwe. Mpaka lero nkhaniyi imangozungulira mu miting'i ya PTA.

Koma chaka cha 2024 ndi chimene chinandionetsa kuti pulogalamuyi si masewera. Mvula inadula pakati chimanga chili pa ngaiyaye, a Pulezidenti Hichilema mpaka analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse kumapeto kwa February, ufa unakwera mtengo, magetsi nawo kuzimazima. Nthawi imeneyo m'makomo ambiri kwathu anali kudya kamodzi madzulo basi, ndipo ana amene kale ankajomba kukagwira ganyu kapena kukasaka mbewa anali kufika pa sukulu m'mawa kwambiri kuposa aticha. Winawake anganene kuti ankabwerera phala osati maphunziro, eya n'zoona, koma atamwa phalalo ankalowa m'kalasi, ndipo wanga wamkulu ankanena yekha kuti anzake asiya kugona pa desiki.

Chinthu chimodzi tisanamizane. Anthu ena akuganiza kuti phala la pa sukulu lithetsa kupinimbira kwa ana. Ayi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia ndi opinimbira, ndipo zimenezo zimachitika kuyambira mwana ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, masiku 1,000 oyamba aja amatiuza ku sikelo. Pofika giredi 1 zambiri zachitika kale. Phala limathandiza kuti mwana asamve njala m'kalasi, amve zomwe aticha akunena, apeze ayironi ndi mavitamini omwe nsima yokha ilibe, koma silibweza msinkhu womwe unatayika ali khanda. Ndanena izi chifukwa pali amayi ena anasiya kupatsa ana kanthu m'mawa ati akadya kusukulu, olo ali nazo m'nyumba. Kapu imodzi si chakudya cha tsiku lonse amayi anzanga.

Manje tibwere ku maphunziro a kadyedwe, chifukwa pulogalamuyi anatiuza kuti si kudyetsa chabe koma kuphunzitsanso ana kudya bwino. Apa pali mitundu iwiri ya aphunzitsi ndipo kusiyana kwawo n'kwakukulu.

Mtundu woyamba ndi wa pa bolodi. Mwana amabwera ndi kope atajambula bwino bwino apulo, tchizi, soseji, botolo la mkaka, pansi pake walemba balanced diet, mayeso akhoza 10 pa 10. Ukamufunsa kuti nanga chiwawa chotendera chomwe tadya dzulo chili gulu liti, akuyang'ana kumwamba. Mwana wotere amakula akudziwa kuti chakudya chabwino chili mu shopu ya m'tauni mufiriji, ndipo zomwe amayi ake amathyola kuseri kwa nyumba ndi zaumphawi. Ine zimenezi zimandipweteka kuposa phala lozizira, chifukwa Eastern ndi kwawo kwa nshawa, soya, nyemba, kandolo, maungu, mpendadzuwa, ife ndi amene timadyetsa Lusaka, koma mwana wathu akuphunzira kadyedwe ndi zithunzi za zinthu zomwe sanalawepo.

Mtundu wachiwiri ndi madamu ena amene amayendetsa kalabu ya za umoyo ndi kadyedwe, ija amati SHN. Amenewa ndikanatha ndikanawapatsa 6 pa 5. Iwo bolodi saigwira kwambiri, amauza ana kuti aliyense abwere ndi kanthu kamodzi kochokera kunyumba, olo kochepa bwanji. Tsiku lina ndili pa rota ndinaona atayala chitenje pansi pa mtengo wa mango, pamenepo pali kadzanja ka kapenta, nshawa, nyemba, bondwe, delele, kalembula, dzira limodzi, masau, malambe, papaya, kandolo, mpaka wina anabweretsa inswa zouma m'kapepala anzake n'kumuseka. Madamu anawaletsa kuseka, n'kunyamula inswa zija kuziika pamodzi ndi dzira ndi kapenta, ati izi ndi gulu limodzi, zomanga thupi, ndipo mu malangizo a kadyedwe omwe dziko lathu linatulutsa mu 2021 muli magulu 6 ndipo tizilombo todyedwa tilimo pamodzi ndi nsomba ndi nyama. Kamnyamata kaja kanakhala tsonga ngati kapatsidwa mphoto. Kenako ana anasanja okha milu, kukangana kuti nshawa zipite kuti, ndipo pomaliza anaphika zonse pa mbaula ziwiri n'kudya. Wanga wa giredi 5 kuchokera tsiku limenelo ndi wapolisi wa m'khitchini mwanga.

Ndikati wapolisi ndikunena zoona. Ndikathira soda mu delele ati amama madamu anati soda imapha mavitamini. Ndikaphika repu mpaka kufiira ati mwapsetsa. Atate ake akamamwa tiyi pomwe akudya ati tiyi amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi, bola mudye ndi gwafa kapena mango chifukwa zipatso zimathandiza, atate ake amangoti iwe ndiwe dokota manje? Za soda zija ine sindinasiye kwenikweni, delele lopanda soda ndi delele lanji, ndinangochepetsa. Koma pa nkhani ya mgaiwa anandigonjetsa. Ife kuno timanyadira ufa woyera, kukonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, nsima yake yoyera mbee yoti mlendo akaona adziwe kuti pano pali mayi. Koma pokonola ndi poviika paja gaga ndi kamtima ka chimanga zimapita, ndipo m'menemo ndi momwe muli zambiri zofunika, timapatsa nkhumba ndi nkhuku zabwinozo ife n'kutsala ndi zoyera. Manje phala la m'mawa kunyumba ndimaphika la mgaiwa ndi nsinjiro, ufa woyera ndi wa nsima ya madzulo.

Phunziro lomwe ndinaona kuti ndi lofunika kuposa onse ndi la chuku. Tonse tikudziwa zomwe timachita tikakolola nshawa, zabwino zazikulu timasankha za kumsika kapena za ogula aja amabwera ndi masikelo, zofota, zoboola ndi zakuda timati izi ndi zosinja, zotendera ndiwo. Ndiye kuti poizoni wa chuku uja amati aflatoxin timamusankha bwino bwino n'kumupatsa ana athu, ndipo satha ndi kuphika kapena kukazinga, amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Amene munamva nkhani ya mu 2024 ya agalu kufa ndi ufa wina kuchotsedwa pa msika, ndi poizoni yemweyo. Madamu aja anabweretsa lichero la nshawa n'kuuza ana kuti asankhe zoipa, n'kuwauza kuti izi musadye ndipo musalole agogo asinje, komanso kuti kuwaza madzi pa nshawa kuti zisweke msanga potongola ndi kumene kumabweretsa chuku. Phunziro limeneli likanafika pa sukulu iliyonse kuyambira Nyimba mpaka Lundazi ndikanasangalala kwambiri, ndipo silifuna ndalama, lichero chabe.

Vuto ndi loti zonsezi zili pa munthu mmodzi. Madamu aja akadwala kapena akapita ku wekishopu kalabu imaima, ndipo tsiku lomwe adzawasamutse sindikudziwa. Kalabu nayonso imatenga ana ochepa, ena onse amatsala ndi apulo wa m'kope.

Dimba la pa sukulu ndiye ndalipatsa 2 pa 5. Poyamba zinali bwino, anabzala repu, chinese, tomato, anyezi, kandolo wofiira mkati uja wa vitamini A, ndi mizere ingapo ya chimanga cha orenji. Chimanga chimenechi chinatulutsidwa kuno ku Zambia mu 2012 ndipo a zaulimi akhala akuchilimbikitsa, ife tili ndi mwayi kuti malo ofufuzira za ulimi a Msekera ali pakhomo pompano, komwenso kunachokera mbewu za nshawa zija za MGV. Makolo ena poyamba anakana ati ndi chimanga chachikasu chija cha nthawi ya njala, mpaka ana atawotcha n'kulawa anapeza kuti n'chotsekemera. Koma dimba limafuna madzi, ndipo mjigo ndi umodzi womwewo wa sukulu ndi mudzi wonse, ikafika October mzere wa zigubu umafika kumsewu, ndani angalole kuti mwana athirire repu pomwe anthu akudikira madzi akumwa. Pa holide palibe woyang'anira, mpanda ndi wa udzu, mbuzi zinalowa n'kumaliza zonse, potsegulira tinapeza ziputu.

Ndipo olo pamene ndiwo zinalipo, ana sanadye. Zinagulitsidwa, ati ndi production unit, ndalama zigula choko ndi sopo. Za production unit sizachilendo, zilipo kuyambira nthawi ya a Kaunda ndipo ife tomwe tinalimapo, sindikutsutsa kuti sukulu ipeze kandalama. Koma mwana wathirira yekha, wapalira yekha, kenako akuona aticha ndi anthu a m'mudzi akugula mitolo iye osalawako ngakhale tsamba, mukumuphunzitsa chiyani? Zomwezo zomwe timachita ife makolo, kulima soya ndi nshawa n'kugulitsa zonse mpaka thumba lomaliza, kenako kukagula masoya pisi a m'paketi pa mtengo wokwera. Chinanso, aticha ena dimba analisandutsa chilango, wochedwa akathirire mabedi asanu, wosokosa akapalire. Mwana amene dimba amalidziwa ngati chilango sadzalikonda.

Pa geti ndiye pamathera zonse. Belu likangolira ana amathamangira pa mpanda pomwe pali matebulo a majigisi, mafiriziti a mitundu yowala ija yosiya lilime lofiira, maswiti, mabisiketi, tizakumwa ta shuga. Mwana wangophunzira kumene za magulu 6, K2 yomwe wapatsidwa kunyumba ikuthera pa paketi ya mphepo ndi mchere. Sindikufuna kunyoza amayi ogulitsa, ena ndi anzanga, ena timaphika nawo phala lomwelo ndipo ndi pomwe amapezera ya sopo. Komiti ina inafuna kuwathamangitsa, ine ndinakana, chifukwa ukawathamangitsa pa geti amakakhala pa mtengo wa patsogolo ndipo ana amawatsata komweko. Chomwe chinathandizako pang'ono n'chakuti madamu aja anakhala nawo pansi n'kuwapempha kuti pa tebulo pazikhalanso nshawa zokazinga, kandolo wophika, chimanga, nthochi, chikondamoyo, magwafa pa nyengo yake. Awiri anavomera ndipo akuti kandolo amatha msanga kuposa mabisiketi m'miyezi yozizira, chifukwa amakhalitsa m'mimba. Enawo akuti za m'paketi siziwola, ukagula ku holoselo ku Down Shops umagulitsa sabata yonse osataya, pomwe nthochi zikapsa kwambiri ndi losi. Ndipo akunena zoona, ndiye nkhaniyi ili pomwepo.

Kusamba m'manja kunayenda bwino nthawi ya kolera ija masukulu anachedwa kutsegulira mpaka February 2024, paliponse panali zigubu zopondera ndi phazi, sopo pa chingwe, mapulifekiti ataima kuyang'ana aliyense asanalandire phala. Manje zigubu zilipo koma nthawi zambiri zilibe madzi, sopo anasowa kalekale, tikakumbuka timaika phulusa. Mankhwala a njoka za m'mimba a ku kiliniki amabwera kudzapereka, zimenezo zili bwino, chifukwa kudyetsa mwana amene ali ndi njoka ndiye kuti mukugawana nazo phalalo.

Za azibambo ndinene pang'ono, olo ena akwiye. Pa rota yathu mayina onse ndi a amayi. Kutunga madzi amayi, nkhuni amayi, kutsuka poto amayi, osalipidwa, ndipo nthawi ya dzinja umasiya munda wako kuti ukaphikire ana a mudzi wonse. Azibambo amaoneka tsiku lomwe kwabwera alendo ndi galimoto, atavala majekete, kukhala kutsogolo. Anduna a mfumu atalankhulapo, anayi anabweretsa ngolo ya nkhuni kamodzi, tinawaombera m'manja mpaka manja kuwawa kuti mwina abwerenso.

Ndiye amene mukufunsa kuti tiyambe kapena ayi, ine ndikuti yambani, musachedwe n'komwe. Koma pa miting'i yoyamba pomwepo, ahedi asanatseke ndi pemphero, funsani kuti a masana adzadya bwanji, nkhuni ndi za ndani ndipo mayina a azibambo alembedwe pa pepala lomwelo, kiyi wa sitolo ya ufa asakhale ndi munthu mmodzi ndipo matumba aziwerengedwa pamaso pa makolo awiri, asanjikidwe pa mathabwa osati pansi chifukwa chinyezi ndi makoswe sizichedwa. Dimba musaliyambe musanamange mpanda wolimba ndi kugwirizana za madzi, ndipo mulembe kuti gawo lina la ndiwo ndi la ana, lidyedwe pa sukulu. Ogulitsa pa geti muwaitane pa miting'i yomweyo, asamve ndi mphekesera. Ndipo ngati pa sukulu panu pali mphunzitsi wokonda kuphika ndi ana, mupempheni aphunzitseko anzake awiri kapena atatu chaka chisanathe, ife kwathu tapempha kale kuti nkhaniyi ilowe pa ajenda ya temu ikubwerayi.